Kukopera zolemba za nyengo yatha: kuchoka pa mphindi 7 kufika pa masekondi 2

Usiku wa Lachitatu, magetsi atangoyaka kuno ku Nkhotakota, batani loyambitsa nyengo yatsopano linamaliza ntchito yake m'masekondi 2, pomwe sabata yatha linkatenga mphindi 7. Pulogalamu yake ndi ija ndakhala ndikulemba pa Django (chida cholembera mapulogalamu a pa intaneti m'chinenero cha Python), yosungira zolemba za gulu la alimi a mpunga a kufupi ndi mtsinje wa Bua, limene amalume ndi mlembi wake. Nyengo ikamayamba, pamafunika kukopera mamembala, minda yawo ndi zipangizo zimene aliyense amatenga pa ngongole, monga mbewu ya Kilombero ndi feteleza, kuti za chaka chatha zikhale zosakhudzidwa. Zonse pamodzi ndi mizere yoposa pang'ono 4,000 mu SQLite, database imene imasunga zolemba zonsezi mu fayilo imodzi.

Poyamba ndinatsata njira yodziwika ija: kutenga object (mzere umodzi wa zolemba monga Python imauonera), kuika pk (nambala yozindikirira mzerewo) kukhala None, kuika _state.adding kukhala True, kenako kuitana save() kuti zisungidwe ngati mzere watsopano. Inagwira ntchito, koma tsiku limene ndinaonetsa amalume, iwo anayang'ana sikirini kwa kanthawi, n'kutsegula kaundula wawo wa chikuto chakuda, n'kunena kuti, "Mphwanga, mukamaliza mundiitane, ine ndiyambe ndalemba pamanja."

Masiku atatu ndinawataya posaka vuto pamalo olakwika. Ndinkakayikira deepcopy, imene ndinaigwiritsa ntchito pa minda, chifukwa imakoperanso ma object ena onse amene asungidwa kale mkati mwa object yoyambayo. Ndinaichotsa, koma nthawi inangotsika ndi masekondi ochepa. Nditayang'ana connection.queries, mndandanda wa mafunso amene pulogalamu yatumiza ku database, ndinapeza kuti munda uliwonse unkatumiza SELECT yakeyake kukafunsa mwini wake, ndipo select_related inathetsa zimenezo, komabe mphindi 6 zinatsala. Chimene chinandizindikiritsa si chida chilichonse ayi, koma kagetsi ka hard disk kamene kankangophethira osaleka, ndi kaphokoso kake kamene kamamveka bwino usiku kukakhala zii. Django, ikasiyidwa mmene imabwerera, imachita commit (kutsimikiza kuti zosinthazo zasungidwa kotheratu) pa save() iliyonse, ndipo SQLite siivomereza commit isanatsimikize kuti zalembedwadi pa disk. Pa disk yozungulira ngati yanga, zimenezi zimatheka maulendo ochepa okha pa sekondi. Choncho pulogalamu sinkachedwa kuganiza. Inkangodikira disk maulendo 4,000. Nditakulunga ntchito yonse mu transaction.atomic(), imene imachititsa kuti commit ichitike kamodzi kokha pamapeto, nthawi inagwa kufika pa masekondi 19.

Laputopu imeneyi ndi ThinkPad yakale imene ndinagula kwa bambo wina wogulitsa makompyuta ogwiritsidwapo ntchito ku Lilongwe, ndipo ndimawakhulupirira chifukwa amakulola kuitsegula kunsi usanalipire. Anandilangiza kalekale kuti ndiikemo SSD (disk yothamanga yosazungulira), ine n'kukana chifukwa cha mtengo. Tsopano ndikuona kuti kuuma manja kwangako kunandithandiza, popeza SSD ikanabisa vutoli mpaka tsiku loika pulogalamu pa kompyuta ya gulu, imene ndi yokalamba kuposa yanga.

Masekondi 19 anali okwanira, koma mtima sunakhazikike, ndiye ndinasamukira ku bulk_create, imene imalowetsa mizere yambiri nthawi imodzi, ndipo apa ndi pamene ndinapunthwa kwenikweni. Mamembala analowa onse nthawi imodzi, koma pofika pa minda pulogalamu inakana, chifukwa mamembala atsopanowo analibe pk m'manja mwa Python ngakhale kuti mu database anali atapatsidwa kale manambala. Django imabweza manambalawa pa ma database ena okha: pa PostgreSQL, pa MariaDB kuyambira 10.5, ndi pa SQLite kuyambira 3.35, koma Ubuntu 20.04 imene ndimagwiritsa ntchito ili ndi SQLite 3.31. Sindinafune kusintha dongosolo lonse pa bandulo ya intaneti ya pafoni, choncho ndikamaliza bulk_create ndimawerenganso mamembala atsopanowo ndi query imodzi, n'kupanga dictionary yolumikiza nambala ya umembala ndi pk yatsopano. Minda ndi zipangizo zimatsata njira yomweyo, gulu ndi gulu.

Palinso zina ziwiri zimene bulk_create inandilanda mwakachetechete. Siitana save() kapena ma signal, kotero ndalama zonse za ngongole, zimene ndinkaziwerengera mkati mwa save(), zinatuluka zili 0, ndipo ndinazindikira nditaona kuti gulu lonse likuoneka lopanda ngongole. Kuwerengerako ndakusamutsira mu function yapadera imene ndimaiitana ndisanasunge. Chachiwiri ndi many-to-many yolumikiza mamembala ndi makalabu awo, imene siikopedwa yokha ngakhale pa njira yakale ija. Ndinachita kulemba mizere yake mwachindunji kudzera mu model ya through, tebulo lapakati losunga kulumikizanako.

Kunena zoona, code yatsopanoyi ndi yaitali kawiri ndiponso yovuta kuwerenga, ndipo pa ntchito yochitika kamodzi pa nyengo, atomic() yokha ikanakwana. Ndikuganiza zoyesa INSERT ... SELECT kuti mizere isamadutsenso mu Python, mwinanso kusamukira ku PostgreSQL ndi ma UUID (manambala ozindikirira mizere amene foni iliyonse ingapange yokha osawombana ndi ena), kuti tsiku lina atsogoleri a makalabu azidzalemba pa mafoni awo kumunda komweko popanda netiweki. Zimenezo zidikire kaye. Loweruka ndikukwera kabaza kukaonetsanso amalume batani lija.