T-test yadutsa, koma ndalama zanga zinapita

Chaputala 4 cha kafukufuku wanga a supavaiza asaina, mtima wakhala pansi. Inu amene mukuyerekeza magulu awiri pa kafukufuku wanu, tamverani.

Ine ndimayerekeza zokolola za chimanga za alimi a ku Katete, olima m'maenje ndi olima m'mizere. Funso lake ndi limodzi: kodi maavareji awiriwa akusiyanadi, kapena zangochitika mwamwayi? T-test ndi njira yowerengera yoyankha funso limeneli. Mumayamba ndi null hypothesis, ganizo lonena kuti palibe kusiyana, kenako muone ngati manambala akuikana.

Laputopu yanga ilibe SPSS, pulogalamu yosanthula manambala a kafukufuku, ndiye ndinalipira mnyamata wina wa pakashopu ka makompyuta muno mu Chipata. Ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa, magetsi kulibe, iye n'kumangoti "abwera asisi, dikirani". Magetsi atayaka madzulo anangodina t-test ya paired samples, n'kusindikiza, n'kulandira ndalama. A supavaiza atangoona anazunguliza tsamba lonse ndi cholembera chofiira. Paired ndi ya anthu omwewo oyezedwa kawiri, monga mlimi mmodzi chaka chatha ndi chaka chino. Anga anali anthu osiyana, yoyenera ndi independent samples. Ndiye pofuna kuti magulu alingane chiwerengero, mnyamatayo anachotsa alimi ena osandiuza! Anthu amene ndinawayendera padzuwa, m'fumbi. Ndalama anakana kubweza.

Ndisanaiwale, miyezo ikhale yoyamba. Mlimi wina akuuzani ngolo, wina matumba a 50 kg, munda wina ndi lima, wina hekitala. Lima ndi kota ya hekitala. Sandutsani zonse zikhale makilogalamu pa hekitala.

Mukadina independent samples, SPSS imatulutsa mizere iwiri ya zotsatira. Yang'anani kaye Levene's test. Nambala yake yolembedwa Sig. ikachepera 0.05, ndiye kuti manambala a magulu awiriwo sanamwazikane mofanana, werengani mzere wapansi, umene ndi njira ya Welch. Kenako p-value ya t-test, nambala yoonetsa mpata wopeza kusiyana kotere mwamwayi ngati null hypothesis ili yoona. Ikachepera 0.05 mukukana null hypothesis. Ikaposa, musalembe kuti magulu ndi ofanana, a supavaiza anga amadana nazo zimenezo. Lembani kuti umboni wa kusiyana sunakwanire. Muikenso kusiyanako m'makilogalamu ndi 95% confidence interval, malire amene kusiyana kwenikweni kungakhalemo, chifukwa mlangizi wa zaulimi amafuna kumva za matumba.

Ndinamaliza ndekha pa Excel, T.TEST, type 3, imene ndi njira ya Welch ija, osalipira munthu. Koma ngati mupatsa wina, imani kumbuyo kwake mpaka muone kuti wadina independent, ndipo muwerenge ngati alimi anu onse alimo.