Mbiri ya moyo wanga, gawo 11: Sewero la buluku

Gawo lapita lija ndinalekezera poti ndalowa gulu la zisudzo la achinyamata kwathu ku Bangwe amayi osadziwa, iwo ankangoti masana ndimapita ku kwaya. Ndiye kunabwera Januwale wa 2012, amene munali mtauni mukukumbuka, mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre anayamba kuvula azimayi ovala mabuluku ndi masiketi aafupi pamsewu anthu akuonerera. Azimayi anachita zionetsero ku Blantyre, mayi Joyce Banda, nthawi imeneyo ali wachiwiri kwa pulezidenti, analinso pomwepo, a Bingu nawo ananena kuti mzimayi avale zimene akufuna. Koma kwathu nkhaniyi sukanaiyamba potunga madzi, ukangotsegula pakamwa basi akuti wayamba za jenda, zachizungu, ukufuna kukhala pamutu pa amuna.

Achimwene amene ankatiphunzitsa anadutsa ku Chanco, ndiye anali ndi kachitidwe kochokera kwa katswiri wa zisudzo Augusto Boal wa ku Brazil koti sewero sumalimaliza. Mukafika poipa penipeni mumaima n'kufunsa anthu kuti apa titani, ndipo amene ali ndi maganizo asalankhulire chokhala ayi, abwere pabwalo adzachite yekha.

Tinakalichitira pafupi ndi msika Loweruka madzulo. Ine ndinali mtsikana wa buluku, anyamata atatu mavenda, akundizinga, kuimba mluzu, wina wagwira kale lamba. Achimwene aja n'kuwomba m'manja, tonse chilili. Ziii. Kenako anadzuka mayi ena achikulire ogulitsa tomato, a Mvano enieni, duku kumutu, ine mumtima ndinati eee lero ndiyaluka, abwera kudzathandiza mavenda. Anangomasula chitenje chapamwamba n'kundifunditsa, kenako kutembenukira mnyamata uja, "Iwe, ine buluku sindinavalepo ndipo sindidzavala, koma thupi la mwanayu unaligula kuti?" Anthu kuseka, mnyamata uja mawu onse kuiwala chifukwa izi sitinayeserere.

Mayiwo sanakhalenso pansi. Anayamba kufotokoza za nthawi ya Kamuzu, kuti siketi ikangoonetsa bondo unali pamavuto (lamulo loletsa azimayi mabuluku ndi masiketi aafupi linabwera 1973, linatha nthawi ya matipate), ndiye akuti tinavutika ndi boma, lero tivutikenso ndi ana obereka tokha?

Apa venda weniweni, wa kaunjika, analowa atapsa mtima, akuti atsikana amatiputa dala. Ine ndinkafuna amuchotse koma achimwene anamusiya, anamupatsa malo a bambo a mtsikanayo, akuti mwana wanu ndi uyu wabwera kunyumba akulira atamuvula, muuzeni zomwe mwanenazo. Munthu uja anandiyang'ana, kukanda kumutu, n'kunena kuti "iwenso ukanavala chitenje", azimayi kumukuwiza, koma mawu anali atatsika kale. Sindinganame kuti anasintha, anachoka akung'ung'udza.

Chimene chinandidabwitsa n'choti nkhani inachoka pa buluku. Wina anati nanga ndalama za mandasi zimene bambo amalanda madzulo, wina za abale a mwamuna olanda katundu maliro asanathe n'komwe, ndipo aliyense ankati "mtsikana wa m'seweroyu akakwatiwa", "mayi ake a mtsikanayu", pomwe tonse tikudziwa kuti akunena za kunyumba kwawo. Mayi ena amuna awo ali chapomwepo pa njinga ananena zonse osatchula dzina, bambowo n'kumangoyang'ana tcheni. Zimenezi pa msonkhano wa mipando ndi Fanta sizituluka, ndakhalapo yambiri pambuyo pake, anthu amangovomera kuti alandire alawansi.

Tinabalalika mdima utagwa. Vuto linali limodzi, pagulu paja panali aneba athu, ndipo anafika kunyumba ine ndisanafike. Ndinapeza amayi akhala pakhonde, nsima osaphika, akuti "bwera kuno wa kwaya". Zimene zinachitika usiku umenewo ndikuuzani gawo lotsatira.