Mtengo wa mango unandiphunzitsa Chitchaina

Kwa masabata atatu oyambirira ndili ku Wuhan, mzinda wa ku China, chakudya ndinkagula mongoloza ndi chala, ngakhale kuti m'kalasi ndinali nditaloweza kale mawu ochuluka ndithu. Chitchaina chili ndi mamvekedwe anayi, ndiko kuti njira zokwezera kapena kutsitsira mawu potchula liwu, ndipo mamvekedwewa akasintha, tanthauzo la liwulo limasinthanso. Vuto langa linali lakuti ndinkawayesa zokometsera chabe, zimene munthu angadzaziwonjezere m'tsogolo lilime likadzafewa.

Maso anatseguka m'mawa wina pakamsika ka pafupi ndi kumene ndimagona, pamene mayi wina amagulitsa reganmian, chakudya cha m'mawa chotchuka mumzindawu, chooneka ngati supageti koma chothiridwa chiponde cha chitowe, chimene anthu ambiri amadya ali chiimire kapena akuyenda. Ndinafuna msuzi wapambali, ndipo ndinati "tang" mokweza mawu kumapeto, monga timachitira pofunsa. Mayiwo anandipatsa kabotolo ka shuga. Ataona kuti ndathedwa nzeru, anaseka, kenako anatchula liwulo kawiri akuloza ndi chipande: loyamba lokwera pamwamba mosagwedezeka, ndiwo msuzi, ndipo lachiwiri loyambira pakati n'kukwera, ndiye shuga.

Pomwepo ndinakumbukira mawu akuti "mtengo wa mango". Polemba ndi amodzimodzi, koma Mmalawi aliyense amatchula mosiyana mtengo umene timakwera pothyola zipatso ndi mtengo umene timanenerera pamsika wa Lizulu, ndipo palibe anatiphunzitsa zimenezi pabolodi. Chimodzimodzinso khungu la pathupi ndi khungu la kusaona. Ndinazindikira kuti khutu langa linazolowera ntchito imeneyi kuyambira ndili kumsana kwa amayi, kungoti sindinkaligwiritsa ntchito pa chinenero cha eni. Kuyambira tsikulo, "mai" wa kugula, amene amatsika n'kudzukanso, ndi "mai" wa kugulitsa, amene amagwa mwamphamvu, anasiya kumveka ngati liwu limodzi.

Njira imene ndikutsatira tsopano ndi yoima kumbuyo kwa ogula awiri kapena atatu, kumvetsera mmene akuitanitsira chakudya, n'kumang'ung'udza nyimbo ya mawu awo ndisanatsegule pakamwa. Ndikukhulupirira kuti njirayi imaposa mabuku onse amene tinapatsidwa, ndipo ndikanakhala ndi mphamvu ndikanasamutsira kalasi yonse kumsika. Ndi kumsika komweko kumene ndinadziwiranso kuti mitengo ya zipatso imalembedwa pa jin, amene ndi magalamu 500, pamene ine ndinkasangalala poganiza kuti ndi pa kilogalamu.

Chimandiwawa n'chakuti aphunzitsi athu anatha masiku akujambula mivi pabolodi ndi kutiyimbitsa "ma, ma, ma, ma" tonse pamodzi, osafunsa n'komwe ngati zinenero zathu zili ndi zoterezi. Mwina sindiyenera kuwaimba mlandu kwambiri, popeza tilimo ambiri ochokera m'mayiko osiyanasiyana ndipo mayeso ali pafupi, komabe funso limodzi lokha likanandipulumutsa ku masabata atatu a manyazi.

Sindinganene kuti ndafikapo. Liwu likakhala lokha ndimalimva bwino, koma chiganizo chikatalika ndimabwerera ku nyimbo ya Chichewa osazindikira. Komanso ogulitsa achikulire ambiri amayankhula Chitchaina cha ku Wuhan konkuno, chimene mamvekedwe ake amasiyana ndi a m'kalasi, moti n'kutheka kuti zina zimene ndikung'ung'udza monyadira pamzere wa reganmian ndi zomwe zidzandilepheretse mayeso a pakamwa mwezi wamawa.