Zikomo nonse amene munatithandiza kuonetsa filimu ku Chibavi

Pa 10 Okutobala, tsiku lokumbukira thanzi la maganizo padziko lonse, ife achinyamata a ku Chibavi tinaonetsa filimu ya anthu enieni odwala matenda a maganizo, akusimba okha momwe abale amawasalira. Patokha sitikanatha.

Bambo owotcherera zitsulo pafupi ndi msika, dzina lanu sitinafunse n'komwe, koma magetsi atathima munatibwereketsa jenereta, mafuta n'kuthiramo anu. Anyamata a kabaza, munanyamula masipika kuchokera ku Katoto dzuwa likuswa mtengo, ndalama n'kukana. Amayi amene munkamasulira agogo athu m'Chitumbuka, yewo chomene.

Kwenikweni tikuthokoza inu anamwino amene munangobwera kudzaonera, koma mafunso atavuta munaimirira. Wina atati zonsezi ndi ufiti kapena chamba basi, simunamunyoze. Munafotokoza modekha kuti matendawa amagwira aliyense, ngakhale mayi amene wangobereka kumene, kuti mankhwala ndi uphungu zimathandiza, komanso kuti chithandizo chilipo ku chipatala cha St John of God muno mu Mzuzu, osati ku Zomba kokha. Ambirife, kunena zoona, tinangoti kakasi.

Inu achimwene amene munaulula pagulu kuti mumamwa mankhwala ndipo ntchito mukugwira bwinobwino, Mulungu akudalitseni. Amene munatola chipewa chofiira, mwiniwake akuchifuna.