Loweruka: tsiku lomwe ndinasokoneza mawotchi a Cessna

Magetsi anabwera cha m'ma 9 koloko, ndiye tiyi ndinamwera pa kompyuta pomwepo. Kwa milungu iwiri ndakhala ndikufuna kuchotsa mawotchi a ndege pa sikirini yaikulu, kuti pamenepo ndizingoona bwalo, mapiri ndi mitambo basi. Alamu anga anandipatsa kasikirini kakale ka mainchesi 15 komwe ankafuna kutaya, ndipo ndakaika m'munsi mwa yaikuluyo, kotsamira mabuku awiri.

Ndimauluka mu X-Plane 11, pulogalamu ya pa kompyuta yoyerekeza kuulutsa ndege, ndege yake Cessna 172. Poyala mawotchi ndimagwiritsa ntchito pulogalamu ina ya Air Manager: umasankha wotchi, kuikokera pomwe wafuna, kuikulitsa kapena kuichepetsa. Palibe wokuletsa. Ine ndiye ndinayala mmene mtima unafunira. Altimeter, yosonyeza kutalika komwe ndege yakwera, ndinaiika pakati n'kuikulitsa ngati mbale ya nsima, chifukwa ndimakonda kuona muvi wake ukukwera. Ya liwiro ndinaikankhira pansi kumanja. Ija yosonyeza ngati mphuno ya ndege yaloza kumwamba kapena pansi, ya buluu ndi bulauni, ndinaiika pakona. Zinkaoneka bwino, ndisaname. Ndinajambula ndi foni.

Kenako ndinaimika ndege pa Chileka kuti ndingozungulira bwalo kamodzi. Ponyamuka Cessna imafuna ukoke chiwongolero liwiro likafika pa ma knot 55 (knot ndiye muyezo wa liwiro la ndege). Maso anga anapita okha pamwamba kumanzere, n'kupezapo wotchi ya mafuta. Pomwe ndinkapeza ya liwiro, muvi unali utadutsa kale 70. Ndinati zizolowereka. Potera ndiye zinavuta. Ndinkayenera kusunga 65, koma ndikayang'ana bwalo, kenako pakona, kenako pansi kumanja, ndege inali itachita kale zina. Kenako kabelu kochenjeza kuti mapiko atsala pang'ono kusiya kunyamula ndege kanayamba kulira, ndipo tinagwa phuu, udzu usanathe n'komwe.

Mphwanga yemwe anali kumbuyo kwanga ndi chimanga chake chootcha anaseka mpaka kutsamwa. "Amalume, anthu aja afa onse?" Ndinamuuza kuti munalibe anthu, akatunge madzi.

Masana onse ndinathera kubwezeretsa zomwe ndinaphwasula. Mawotchi asanu ndi limodzi ofunika kwambiri mu Cessna sanaikidwe mwachisawawa. Asilikali a ndege a ku Britain anasankha kale mu 1937 mawotchi asanu ndi limodzi oti woyendetsa azidalira akalowa mumtambo, ndipo pambuyo pake kayalidwe kake kanadzakhazikika ngati chilembo cha T. Pakati pamwamba pamakhala ya buluu ndi bulauni ija, kumanzere kwake ya liwiro, kumanja altimeter, m'munsi mwake yosonyeza komwe walunjika. Ziwiri zotsalazo, yosonyeza kukhota ndi yosonyeza kuti ukukwera kapena kutsika mofulumira bwanji, zimakhala m'makona a m'munsi. Diso limayambira pakati, kudumphira mbali imodzi, kubwerera pakati, kudumphiranso ina. Mtunda wake ndi waufupi. Ine ndinali nditalipatsa diso ulendo wa ku Nsanje pa chinthu chomwe chinali pakhomo. Ndipotu maso anga anali ataphunzira kale T ameneyu zaka zonsezi ine osadziwa.

Komabe sikuti ndangobwerera pomwe ndinayambira. Chimodzi ndasintha ndipo sindibweza. Altimeter yomwe ndinali nayo poyamba imawerenga mphamvu ya mpweya mu mainchesi monga amachitira ku America, 29.92 ndi zina zotero, pomwe malipoti a nyengo a mabwalo athu amapereka ma hectopascal, monga 1013 kapena 1018. Ndinkachita kutenga kakyuleta nthawi zonse. Lero ndaikapo ina yowerenga ma hectopascal mwachindunji. Ndinapotokola kabatani kake mpaka nambala yagwirizana ndi lipoti, muvi n'kukhala pafupi ndi mafiti 2,555, komwe ndi kutalika kwa Chileka. Hectopascal imodzi ndi pafupifupi mafiti 30, choncho ukaphonya ndi 10 wanamizidwa ndi mafiti 300. Kwa munthu wokonda kuuluka cha ku Mulanje, komwe Sapitwa yafika mamita 3,002, imeneyo si nkhani yoseweretsa.

Mawotchi a injini ndi a mafuta ndawaunjika kumanja, aang'onoang'ono, poti amenewo umangowasuzumira mwa apo ndi apo.

Cha m'ma 5 koloko ndinazunguliranso Chileka katatu. Kachiwiri ndege inadumpha pang'ono, kachitatu matayala anagunda phula mwakachetechete, muvi uli pa 60 ndikudutsa poyambira bwalo. Mphwanga sanaone, anali atapita kumpira. Chithunzi cha m'mawa chija ndachifufuta mu foni.