Sabata yowerenga tinyongolotsi takufa

Lolemba ndinafika ku labu 7 koloko isanakwane chifukwa tinyongolotsi tanga tinali tafika tsiku la 16, ndipo masiku amenewa ndi pomwe timayamba kufa tambiri. Ine ndine tekinishani, ndimasamala tinyongolotsi totchedwa C. elegans, kamodzi kutalika kwake milimita imodzi basi, ndipo pa madigiri 20 kamakhala moyo masabata awiri kapena atatu. N'chifukwa chake ofufuza za ukalamba amakonda kugwiritsa ntchito timeneti, moyo wonse kuyambira dzira mpaka imfa umauona mwezi usanathe, pomwe mbewa uyenera kudikira zaka ziwiri kapena zitatu.

Ntchito yake ili chonchi. Umatulutsa timbale ta tinyongolotsi mu inkyubeta, kabati yosunga kutentha kosasinthasintha, kuika pansi pa maikulosikopu, nkutenga kawaya ka platinamu kukawotcha kaye pa moto, kakazizira umakhudza nako kanyongolotsi kumutu pang'onopang'ono. Kakagwedezeka ndiye kuti kali moyo. Kakangokhala chete umakakhudzanso kumchira, kudikira pang'ono, kakapanda kuyankha basi umakachotsa nkulemba. Kamodzi kamodzi mpaka mbale zonse zithe, msana umawawa maso amalira koma sungathamange, ukathamanga ulemba kamoyo kuti kafa.

Lachiwiri mnyamata amene wabwera kudzaphunzira ntchito anandifunsa ndili pa maikulosikopu pomwepo, akuti asisi, inu mmene mwakhalira ndi tizinthu timeneti, munthu angadzafike zaka 150? Ndinamuuza kuti tabwera uone kaye. Ndinamuonetsa mbale ziwiri, ina ya tinyongolotsi wamba tomwe tinali titatha mphamvu kale, ina ya tomwe jini (kachidutswa ka malangizo a chibadwa a mthupi) yotchedwa daf-2 inasinthidwa, tsiku lobadwa limodzi koma iti tikuyendayenda ngati tachinyamata. Izi anaziona wasayansi wa ku America Cynthia Kenyon ndi anzake mu 1993, kusintha jini imodzi yokha nyongolotsi nkukhala moyo kuwirikiza kawiri. Zisanachitike zimenezi anthu ambiri ankaona ukalamba ngati kutha kwa nsalu, kuti chinthu chikagwira ntchito nthawi yaitali chimangoperepeseka palibe chochita. Koma apa zinaoneka kuti thupi lili ndi zinazake zoyendetsa liwiro la kukalamba ndipo zimatheka kuzigwira.

Mnyamatayo anasangalala kwambiri ndiye ndinayenera kumubweza pang'ono. Nyongolotsi imeneyi ili ndi maselo (tizigawo ting'onoting'ono topanga thupi) 959 okha kupatula oberekera, ilibe mtima ilibe mafupa. Ukapita pa mbewa phindu limachepa, mankhwala a rapamycin, amene anachokera ku bakiteriya wa m'dothi la pa chilumba cha Rapa Nui, mu 2009 anatalikitsa moyo wa mbewa zomwe zinayamba kumwa zili kale ndi masiku 600, koma kutalikitsa kwake kunali 14 peresenti kwa zazikazi ndi 9 kwa zazimuna, osati kuwirikiza ayi. Ndiponso mankhwala omwewa amafooketsa chitetezo cha mthupi, ndi amene amapatsa anthu oikidwa impso ya munthu wina kuti thupi lisaikane. Pa anthu, amene zolemba zimatsimikiza kuti anakhalitsa kuposa onse ndi Jeanne Calment wa ku France, anamwalira mu 1997 ali ndi zaka 122 ndipo mpaka pano palibe wamupyola.

Lachitatu linali tsiku loipa. Mbale ziwiri zinachita chuku, ndipo mu ina tinyongolotsi titatu tinakwera m'mbali mwa mbale nkuumira komweko. Totere sitilemba kuti tafa ndi ukalamba, timatichotsa m'chiwerengero. Tsiku lonse linathera kusamutsa totsala.

Lachinayi pa msonkhano wa labu nkhani inachoka pa zotsatira nkupita pa funso loti kodi zimenezi nzoyenera kuchita. Mkulu wina amene amagwira za maselo anati iye zimamuopsa, dziko lili kale ndi anthu opitirira 8 biliyoni, ndiye mankhwala oterewa akadzapezeka adzayamba kugula ndi olemera, osauka azidzafa pa zaka zomwezi, ndipo amene ali pa maudindo sadzachokapo achinyamata nkumangodikira. Abwana athu anayankha modekha, anati imfa ya okalamba ili ndi masamu ake amene katswiri wa masamu wa ku England Benjamin Gompertz anawalemba kale mu 1825, ndipo munthu akakula mwayi woti amwalira chaka chimenecho umawirikiza pafupifupi zaka 8 zilizonse. Khansa, matenda a mtima, sitiroko, kuiwalaiwala, zonsezi zimakwera ndi msinkhu, ndiye ukachiza imodzi ina imakhala ikudikira pakhomo. Iwo akuti bola kugwira muzu kusiyana ndi kumasadza nthambi. Wina anatchula za wasayansi wa ku Japan Shinya Yamanaka amene mu 2006 anabweza selo lachikulire kukhala ngati la mluza pogwiritsa ntchito majini 4, koma mkulu wa maselo uja anadula msanga kuti ukabweza mopyola mbewa zimatuluka zotupa, ndipo zimenezi nzoona.

Ine sindiyankhula kawirikawiri pa misonkhano imeneyi koma ulendo uno ndinakweza dzanja. Ndinati abwana, nkhawa ya olemera ija ine ndikuimva ndipo siyabodza, mankhwala a ma ARV anayamba kugwira bwino ntchito mu 1996 koma anthu osauka anadikira zaka zambiri, ambiri nkumwalira mankhwala alipo. Koma yankho lake linali kulimbana kuti afike kwa aliyense, palibe anati tisiye kufufuza. Chimene chimandivuta ine ndi china, ndi chimene timayeza. Pepala langa lili ndi magawo awiri okha, chamoyo kapena chakufa. Koma bungwe la WHO limati mu 2019 munthu padziko ankayembekezeka kukhala zaka 73, za thanzi labwino pafupifupi 64 zokha, kutanthauza zaka ngati 9 zodwala. Tikawonjezera zaka pamwamba pa 73 nkusiya 64 ili pomwepo ndiye kuti tatalikitsa kudwala, ndipo ine chimenecho sindikufuna kuthandizira.

Ndinanena zimenezi chifukwa ndimaziona ndi maso. Kanyongolotsi kachinyamata kamayenda mopindikapindika bwinobwino nkusiya kanjira pa chakudya chake, pakhosi pake pamagunda mofulumira moti kuwerenga kwake nkovuta. Kakamakalamba kanjira kaja kamafupika, kenako kamangoyenda ukakakhudza, kenako thupi lonse limangogona, khungu limachita makwinya, mkati mumaoneka mwakuda, pakhosi kugunda apo ndi apo. Pomaliza chimatsala ndi mutu wokha. Umakakhudza, kamutu nkugwedezeka pang'ono ngati kakuti ndilipo, iwe nkulemba chamoyo, mawa chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. Pa gilafu kanyongolotsi kameneka kamaoneka ngati chipambano. Ine ndikakayang'ana ndimakumbukira agogo anga amene anagona zaka zawo zomaliza akutembenuzidwa ndi anthu, akutiyang'ana osatidziwa, ndipo nthawi imeneyo palibe mwa ife ankapempha kuti zaka zichuluke, tinkangofuna atadzukanso nkuyenda okha mpaka panja.

Ndiye funso loti sayansi ingagonjetse ukalamba, kugonjetseratu ine sindikuona njira yake pa zomwe zili pa tebulo panopa, koma kuuchedwetsa ndauona ndi maso anga m'mbale, ndipo ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti ntchitoyi ndiyoyenera kuichita bola tiziyeza zoyenera.

Lachisanu ndinalowa mu ofesi ya abwana nkupempha kuti tiwonjezere gawo lachitatu pa pepala, loti kakuyenda kokha, kakuyenda ukakakhudza, kapena mutu wokha. Anandiuza kuti zindiwonjezera maola awiri tsiku lililonse, ndinati ndikudziwa abwana. Anavomera kuti tiyese pa gulu lotsatira.

Loweruka ndinapitanso mmawa poti kuwerenga sikudumpha tsiku. Mnyamata uja anabwera osaitanidwa, ndinamupatsa kawaya kuti ayese yekha. Anakhudza kamodzi nkunena kuti aka kafa asisi, ndinati dikira kaye usakachotse, werenga mpaka 10. Atafika pa 7 kamutu kanagwedezeka.