Makina akavomerezana pa chabwino ndi choipa

Masiku ano anthu ayamba kufunsa mapulogalamu a AI, omwe amayankha mafunso ngati munthu, monga ChatGPT, Gemini ndi Claude, nkhani zomwe kale zinkapita kwa ankhoswe kapena kwa abusa. Poona kuti mayankho ake nthawi zambiri amafanana, ena amati makinawa apeza choonadi chomwe anthufe timachiphonya chifukwa chokonda mikangano. Ine sindikuona choncho.

Mapulogalamuwa anaphunzitsidwa ndi zolembedwa zofanana za pa intaneti, zambiri mwa izo za m'Chingerezi, kenaka anthu olembedwa ntchito ndi makampani anawawongola posankha mayankho omwe iwo ankawaona kuti ndi abwino. Akamavomerezana, ali ngati mboni zitatu zomwe zonse zinamva nkhani kwa munthu mmodzi, ndipo pabwalo la amfumu palibe amene angaziwerenge kuti ndi zitatu.

Anthu ndiye savomerezana msanga. Mu 2018 akatswiri a ku yunivesite ya MIT ku America anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa Moral Machine, momwe anthu a m'maiko ndi zigawo 233 ankasankha yemwe galimoto yodziyendetsa yokha iyenera kupulumutsa mabuleki akakana kugwira. Pafupifupi paliponse anasankha munthu osati chiweto, koma pa nkhani ya mwana ndi nkhalamba, a ku Japan ndi China sanafulumire kutaya nkhalamba monga anachitira a ku France.

Kwathu kuno, mfundo yoti mtsikana asakwatiwe asanafike zaka 18 inabwera movutikira. Lamulo la maukwati linadza mu 2015, koma malamulo aakulu a dziko ankalolabe mwana wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomera, mpaka aphungu a Nyumba ya Malamulo anasintha ndimeyo mu 2017. Nthawi yomweyo Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza inali ikuthetsa maukwati a ana mazanamazana, kuimitsa mafumu omwe ankawaloleza, ndi kupirira ziopsezo za makolo okwiya. Anthu omwe anavomereza mfundoyi ndi omwewo amene anasenza zotsatira zake, kuphatikizapo kupezera ana obwererawo chakudya, yunifolomu ndi fizi.

Pulogalamu idzakuuzani lero kuti kukwatitsa mwana n'kulakwa, ndipo yanena zoona, koma mawuwo inawatola kwa anthu omwe anaikangana kale nkhaniyo. Pa nkhani zomwe tikadakanganabe, monga chilango cha imfa chomwe chidakali m'malamulo athu ngakhale palibe amene wanyongedwa chichokereni 1992, ndimaopa kuti idzangotibwezera maganizo a anthu omwe amalemba kwambiri pa intaneti, pomwe agogo a ku Nsanje kapena ku Chitipa sanafunsidwe n'komwe.